Katswiri ankavalira m'sitolo ya fodya, chikho nacho chinasowa: nkhani ya Akron Pros ya 1920

Msuweni wanga amakhala ku Ohio, m'dziko la America, komwe amagwira ntchito yosamalira okalamba. Tsiku lina Lamlungu m'mamawa, ndisanasukusule n'komwe, foni inalira. Pa WhatsApp panali chithunzi cha mutu wa munthu woumbidwa ndi mkuwa, pansi pake atalemba dzina loti Fritz Pollard. Kenako panabwera uthenga wa mawu.

"Iwe, paja umadzitama kuti zamasewera umazidziwa. Tandiuza, uyu ndani? Ukalephera usadzandipemphenso ya bandulo."

Ndinalephera. Msuweni wangayo anaseka mpaka kutsokomola, n'kundiuza kuti chithunzicho anajambula ku Canton, tawuni ya ku Ohio komweko, m'nyumba yosungiramo mbiri ya akatswiri a mpira wa ku America yotchedwa Pro Football Hall of Fame. Anapitako ndi anzake akuntchito tsiku lopuma. Iyenso za Pollard sankadziwa kanthu, koma anaima nthawi yaitali patsogolo pa chifanizirocho ataona kuti munthu wakuda ankasewera mpirawu mu 1920. "Fufuza, undiuze," anatero. Manyazi a bandulo aja ndi amene anandilowetsa m'nkhani imeneyi, ndipo ndinakhala nayo masabata angapo.

Ndivomere kaye kuti mpira wa ku America sindinkauonera bwino. Ambirife timangoumva nthawi ya Super Bowl, masewera omaliza a ligi ya NFL, omwe kwathu kuno amayamba cha m'ma hafu pasiti wani usiku. Ndipo kunena zoona, ambiri timangodikira m'mawa kuti tione pa YouTube woimba amene anasangalatsa anthu nthawi yopumulira. Masewera enieniwo timangoona ngati zimphona zovala zipewa zikugundana popanda chifukwa.

Chifukwa chilipo. Timu iliyonse imakhala ndi anthu 11 m'bwalo. Imene ili ndi mpira imapatsidwa mipata inayi kuti isunthe mayadi 10 kupita kutsogolo, kaya pothamanga nawo mpirawo m'manja kapena pouponyera mnzako. Ikakwanitsa, imapatsidwanso mipata ina inayi. Ikalephera, mpira umapita kwa adani. Kufikitsa mpira kumapeto kwa bwalo, komwe amati touchdown, ndi mapointi 6, ndipo ukaumenya bwino pakati pa mitengo pambuyo pake amakuwonjezera imodzi. Kuumenya pakati pa mitengo uli patali ndi mapointi atatu. Basi, zokwanira kuti titsatire nkhaniyi ndi zomwezi. Chongowonjezera n'chakuti mu 1920 kunalibe zosinthana gulu lonse ngati lero. Yemwe wayamba masewera nthawi zambiri ankamaliza yekha, kuukira ndi kutchinga komwe. Chipewa chinali chachikopa chofewa, ndipo amene sakuchifuna ankangolowa mutu uli pamtunda.

Msonkhano wa mogulitsira galimoto

Masiku amenewo mpira wolemekezeka unali wa m'mayunivesite monga Yale ndi Harvard. Kusewera mpira kuti ulandire ndalama ambiri ankakuona ngati chinthu chonyozeka, cha anthu a m'mafakitale. Ndipo analidi a m'mafakitale. Timu ya Columbus Panhandles inali ya anyamata okonza sitima zapamtunda. Decatur Staleys inali ya kampani yopanga sitachi kuchokera ku chimanga, ndipo osewera ake analembedwa ntchito pakampanipo.

Chisokonezo chinali chosaneneka. Wosewera ankatha kusewerera timu ina Lamlungu lino, Lamlungu linalo n'kupezeka wavala yunifomu ya adani chifukwa amuwonjezera pang'ono. Ophunzira a ku yunivesite ankabwera mozemba n'kusewera ndi mayina abodza. Malipiro ankangokwera, eni matimu n'kumaluza. Ndiye pa 17 Sepitembala 1920, akuluakulu a matimu angapo anakumana ku Canton, pamalo ogulitsira galimoto za Hupmobile a Ralph Hay, yemwe analinso mwini timu ya Canton Bulldogs. Mipando inachepa moti ena anakhala pa zopondera za m'mbali mwa galimoto zogulitsazo. Pamenepo anakhazikitsa bungwe lotchedwa American Professional Football Association, lomwe mu 1922 linasintha dzina kukhala National Football League. NFL yomwe lero ili ndi matimu 32 ndi chuma chosawerengeka inabadwira pakati pa galimoto zosagulidwa.

Anagwirizana kuti timu iliyonse izilipira madola 100 kuti ilowe m'bungwemo, ngakhale mbiri imati palibe inalipira. Pulezidenti anasankha Jim Thorpe, osati chifukwa ankadziwa zoyendetsa ofesi, koma chifukwa dzina lake linkagulitsa matikiti. Thorpe anali Mmwenye wa ku America wa mtundu wa Sac and Fox, yemwe anapata mendulo ziwiri zagolide pa Olimpiki ya ku Stockholm mu 1912, n'kulandidwa chaka chotsatira atadziwika kuti analandirapo ndalama posewera baseball. Mlembi ndi msungichuma anasankha Art Ranney wa ku Akron. Dzina limeneli mulisunge, libweranso pa nthawi yovuta.

Chinthu chimodzi anachisiya chosalongosoka. Sanakonze ndandanda wa masewera. Timu iliyonse inkadzipezera yokha adani, ena a m'bungwe, ena akunja, ndipo kunalibe masewera omaliza olimbirana chikho. Anangoti katswiri adzasankhidwa pa msonkhano nyengo ikatha.

Akron, kwa amene mumatsata basketball, ndi kwawo kwa LeBron James. Mu 1920 unali mzinda wa matayala. Makampani a Goodyear, Firestone ndi Goodrich anali konko, ndipo galimoto zitayamba kuchuluka ku America anthu anakhamukirako ngati ngumbi pa getsi. Mu 1910 munali anthu pafupifupi 69,000, koma pofika 1920 anali atapitirira 208,000. Ambiri mwa obwerawo anali azungu osauka ochokera ku West Virginia, Kentucky ndi madera akummwera, komwe tsankho linali lamulo la tsiku ndi tsiku. M'zaka za m'ma 1920 nthambi ya Ku Klux Klan ya m'dera la Akron inali imodzi mwa zikuluzikulu m'dziko lonselo. Apa ndinakumbukira kuti Ohio yemweyu, m'zaka zomwezi, ndi amene Kamuzu Banda anakamupeza atapita kukaphunzira ku Wilberforce, komwe anamaliza mu 1928. Wilberforce ili kufupi ndi Dayton, mzinda umene timu yake tikumana nayo posachedwapa.

Timu ya mumzindamo, yomwe kale inkatchedwa Akron Indians, inali ikuluza ndalama. Ranney ndi mnzake Frank Nied, mwini sitolo yogulitsa fodya, anaitenga n'kuitcha Akron Pros. Kochi anali Elgie Tobin, yemwe ankaseweranso. Anali ndi anyamata olimba monga Bob Nash, Al Nesser ndi Rip King. Koma amene anthu ankalipirira pageti kuti amuone, ena kuti amuchemerere, ena kuti amuone akuthyoledwa, anali Fritz Pollard.

Dzina lake lonse linali Frederick Douglass Pollard, potengera Frederick Douglass, kapolo wothawa amene anadzakhala mtsogoleri wolimbana ndi ukapolo. Anabadwa pa 27 Januwale 1894 ku Chicago. Bambo ake anali ometa tsitsi, ndipo anamenya nawo nkhondo yapachiweniweni ya ku America kumbali ya asilikali akumpoto. Fritz sanali chimphona. Kutalika kwake kunali pafupifupi mita imodzi ndi masentimita 75, kulemera makilogalamu 75 okha, thupi la wosewera mpira wamiyendo wamba. Chuma chake chinali liwiro ndi kuzemba. Ali ku Brown University anakhala wakuda woyamba kusewera mu Rose Bowl, pa 1 Januwale 1916. Kumapeto kwa chaka chomwecho anatsogolera Brown kugonjetsa Yale ndi Harvard motsatizana, zomwe zinagwedeza dziko, ndipo Walter Camp, yemwe ankasankha osewera abwino koposa m'mayunivesite onse, anamuika pa mndandanda wake. Kenako anakakhala kochi ku Lincoln University, sukulu ya anthu akuda ku Pennsylvania, yomwe pambuyo pake Nnamdi Azikiwe wa ku Nigeria ndi Kwame Nkrumah wa ku Ghana anadzaphunzirako. Ku Akron anayamba kusewerako mu 1919.

M'ligi yonse ya matimu 14 munali osewera akuda awiri okha chaka choyambacho: Pollard ndi Bobby Marshall wa Rock Island Independents.

Mbali imene inandikhudza kwambiri ndi iyi. Pollard, munthu wophunzira ku yunivesite yapamwamba, amene dzina lake linkadzaza bwalo, ankavalira yunifomu kusitolo ya fodya ya Nied ija. Akavala ankamutenga pa galimoto n'kukamutsitsa pabwalo masewera atatsala pang'ono kuyamba, kuti anthu asapeze mpata womuchita chipongwe. Izitu zinkachitika kwawo, pa bwalo la timu yake la League Park, osati koyenda. Mahotela ndi malo odyera ambiri ankamukana. Ochemerera ankamutukwana, ena n'kumamugenda. Tangoganizani kuti inu ndi amene mukudyetsa timu, koma anzanu akamaseka m'chipinda chovalira, inu muli nokha kuseri kwa mashelefu a ndudu mukumanga zingwe za nsapato.

M'bwalo namo munali nkhondo ina. Malamulo a nthawiyo ankapereka mpata woti munthu akagwa, adani amuunjikire pamwamba, ndipo pansi pa mulu wa anthu woyimbira saona chibakera kapena bondo. Pollard anapeza njira yake. Akangogwetsedwa ankatembenuka chagada msangamsanga n'kukweza miyendo m'mwamba, nsapato zazisonga zija zitaloza kumwamba, n'kumapalasa ngati ali panjinga. Wofuna kumudumphira ankayamba waganiza kawiri. Nditawerenga zimenezi ndinaseka, kenako kuseka kunandithera, chifukwa munthu safika pophunzira luso lotere asanapondedwepo kambirimbiri.

Masewera 11, mapointi 7 okha olowa

Nyengo inayamba pa 3 Okutobala. Akron inaswa Wheeling Stogies, timu yakunja kwa bungwe, 43-0. Sabata yotsatira Columbus Panhandles inalandira 37-0, kenako Cincinnati Celts 13-0. Mpaka apa anthu ankati akumana ndi ofooka. Pa 24 Okutobala kunabwera Cleveland Tigers, ndipo masewera anali olimba moti anatha 7-0, touchdown yokhayo itabwera Bob Nash atatchinga mpira umene wa Cleveland ankaumenya.

Mayeso enieni anali pa 31 Okutobala, ku Canton, kwawo kwa Jim Thorpe. Bulldogs ndi amene anali mafumu a mpira wa ku Ohio chaka chapitacho, ndipo ambiri ankaona ngati chikho n'chawo kale. Akron inapambana 10-0, anthu a ku Canton akuonerera. Kuchokera tsiku limenelo palibenso ankaitenga ngati timu yongoperekeza.

Pa 14 Novembala anapita ku Cleveland. Pollard anachinya touchdown, koma Tigers anabweza ndi mpira woponya patali, masewera n'kutha 7-7. Mapointi 7 amenewo ndi okhawo amene Akron inachinyitsa nyengo yonse. Ndinawerenga kawiri kuti nditsimikize. Masewera 11, iwo anapeza mapointi 151, adani onse pamodzi 7. Inde, mpira wa nthawiyo unali wa zigoli zochepa, mpira wake unali wonenepa wovuta kuponya, ndipo lamulo linkati woponya akhale mayadi asanu kumbuyo kwa mzere. Komabe matimu ena onse ankasewera ndi malamulo omwewo, ndipo palibe inafikapo apa.

Kenako kunabwera sabata imene wosewera wa lero akhoza kuikana. Pa 21 Novembala anagonjetsa Dayton Triangles, yomwe inali isanagonjepo, 13-0. Lachinayi pa 25, tsiku la chikondwerero cha Thanksgiving, anakumananso ndi Canton n'kupambana 7-0. Patangopita masiku atatu, Lamlungu pa 28, anali ku Dayton, komwe anapambana 14-0, ma touchdown onse awiri a Pollard. Masewera atatu ogundana thupi m'masiku asanu ndi atatu, anthu omwewo, opanda madokotala a timu ngati a masiku ano. Chifukwa chake chinali chimodzi: malipiro ankachokera pageti, ndiye kupuma kunali kugona ndi njala.

Anatsala adani awiri amene nawonso ankalozera chikho. Pa 5 Disembala Akron inapita ku Buffalo kukakumana ndi All-Americans. A Buffalo anali atasewera dzulo lake ku New York, komwe anagonjetsa Canton 7-3, n'kukwera sitima usiku kubwerera kwawo. Masewera anatha 0-0. Nthawi yomweyo kunachitika malonda amene mbiri ya NFL imati ndi oyamba ogulitsa wosewera m'ligiyi: Akron inagulitsa Bob Nash ku Buffalo pa madola 300 ndi magawo asanu pa 100 alionse a ndalama zapageti. Timu yosagonja, imene ikuthamangira ukatswiri, kugulitsa mmodzi mwa anyamata ake odalirika kwa mdani. Apa mpamene mungaonere mmene thumba linalili.

Masewera otsiriza anali pa 12 Disembala ku Cubs Park, mumzinda wa Chicago, kwawo kobadwira Pollard. Adani anali Decatur Staleys ya George Halas, munthu amene anadzakhala mmodzi mwa eni mphamvu a NFL kwa zaka zoposa 60. Halas ankafunitsitsa kupambana moti anabwereka Paddy Driscoll, katswiri wa timu ina ya Cardinals, kuti amusewerere tsiku limenelo. Kumbukirani kuti khalidwe lodumphadumpha matimu ndi limene anakhalira pansi ku Canton kuti alithetse, ndipo Halas analipo pa msonkhanowo. Miyezi itatu inali isanathe. Anthu pafupifupi 12,000 anabwera kudzaonera, ndipo ngakhale ndi wobwerekedwayo, masewera anatha 0-0.

Choncho Akron inamaliza itapambana masewera 8, kufanana mphamvu katatu, osagonja ngakhale kamodzi. Decatur inapambana 10, kugonja kamodzi, kufanana mphamvu kawiri. Buffalo inapambana 9, kugonja kamodzi, kufanana mphamvu kamodzi. Pamenepa mkangano unabuka. A Decatur ndi a Buffalo ankati, ife tapambana masewera ambiri kuposa Akron, ndipo Akron sinatigonjetse. A Akron ankati, ife palibe watigonjetsa, inu nonse munagwapo.

Ine ndinayesa kuwerengera mwa njira ya mpira wathu wamiyendo, mapointi atatu ukapambana, imodzi mukafanana. Decatur ikanakhala ndi 32, Buffalo 28, Akron 27. Akatswiri athu akanathera pa nambala 3. Koma kuwerengera kotere n'kopanda chilungamo pomwe matimuwo sanasewere masewera ofanana kuchuluka, komanso ena mwa adani awo anali timatimu takumudzi tongodzazira kalendala. Kawerengedwe ka ligiyi sikankaphatikiza masewera ofanana mphamvu, ndipo zinakhala choncho mpaka 1972. Ukawachotsa, Akron yapambana onse.

Msonkhano wogamula unachitika pa 30 Epulo 1921, ku Portage Hotel. Hotelayo inali kuti? Ku Akron. Pulezidenti Thorpe sanabwere, wachiwiri wake sanabwere, ndiye wotsogolera zokambirana anakhala mlembi uja, Art Ranney, mwini wake wa Akron Pros. Joe Carr wa ku Columbus anapereka ganizo loti Akron ipatsidwe ukatswiri, ndipo linavomerezedwa. Pa msonkhano womwewo Carr anasankhidwa kukhala pulezidenti watsopano. Zikanachitika lero, ma group a WhatsApp akanayaka sabata yathunthu, ndipo sindikanawadzudzula. Mlandu kuuzengera m'nyumba mwa mmodzi wa okangana, iye yemweyo n'kukhala pampando, sizioneka bwino ngakhale chigamulo chitakhala cholondola. Koma maganizo anga ndi akuti chinali cholondola. Timu imene yagonjetsa Canton kawiri, Dayton kawiri, n'kupita kwawo kwa Buffalo ndi ku Chicago osachinyitsa ngakhale pointi imodzi, yachita zonse zimene ikanatha kuchita m'bwalo.

Chikho chimene palibe akudziwa komwe chili

Mphoto inali chikho chasiliva chotchedwa Brunswick-Balke Collender Cup, choperekedwa ndi kampani ya dzina lomwelo. Pangano linali loti chizizungulira kwa katswiri wa chaka chilichonse, ndipo timu yopambana katatu idzachitenge chikhale chake. Sichinazungulire. Akatswiri a 1921, omwe anali a Staleys a Halas aja atasamukira ku Chicago, sanachilandire. Chinangozimirira, ndipo mpaka lero chimene chilipo ndi chithunzi chake cha m'nyuzipepala yakale. Osewera anapatsidwa kanthu kagolide kooneka ngati mpira, kokoleka pa tcheni cha wotchi ya m'thumba, ndipo n'timeneti timene tinakhala umboni wogwirika.

Chodabwitsa kwambiri n'chakuti ligi yeniyeniyo inaiwala katswiri wake woyamba. Kwa zaka zambiri mabuku a NFL ankasonyeza ngati mu 1920 munalibe katswiri wodziwika, mpaka m'zaka za m'ma 1970 pamene ofufuza anabwerera ku maminitsi a msonkhano wa ku Portage Hotel uja. Akanakhala kuti wina sanalembe, kapena pepalalo linakulungidwira zinthu kumsika, bwenzi nkhani ino kulibe.

Timu nayo sinakhalitse. Ukatswiri sunabweretse ndalama. Mu 1921 inachitabe bwino, kenako inayamba kutsika, mu 1926 inabwerera ku dzina lakale la Indians, ndipo nyengo imeneyo itatha inafa. Pa matimu 14 oyambirira aja, awiri okha ndi amene alipo lero: Staleys, omwe tsopano ndi Chicago Bears, ndi Cardinals, omwe ali ku Arizona.

Nanga Pollard? Mu 1921 anamusankha kukhala kochi wa Akron pamodzi ndi Tobin, ndipo anakhala munthu wakuda woyamba kutsogolera timu m'ligiyi. Taganizirani, mumzinda womwe uja, munthu wovalira m'sitolo ya fodya akuuza azungu poima. Chaka chimenecho m'timumo munalinso mnzake Paul Robeson, yemwe ankaphunzira zamalamulo ku Columbia ndipo ankasewera mpira kuti apeze fizi. Robeson ndi yemwe uja anadzatchuka dziko lonse ngati woimba wa mawu a besi komanso wolimbana ndi tsankho ndi utsamunda.

Mukanayembekeza kuti chitseko chikatseguka chimapitirira kutseguka. Sizinatero. Pamene ligi inkakula n'kuyamba kulemekezeka, osewera akuda ankachepa. Pollard anasewera komaliza mu NFL mu 1926. Kuyambira 1934 mpaka 1945 munalibe wakuda ngakhale mmodzi. Palibe lamulo linalembedwa papepala, eni matimu anangosiya kuwalemba ntchito onse pamodzi. Nthawi imene ligi inali yosauka, yokumanira mogulitsira galimoto, inkamufuna Pollard kuti adzaze bwalo. Itayamba kuona ndalama, anthu ngati iye anakhala osafunika. Mpaka mu 1946 mpamene Kenny Washington ndi Woody Strode analowa mu Los Angeles Rams.

Pollard sanakhale pansi n'kumadandaula. Anatsogolera matimu a anthu akuda okhaokha, Chicago Black Hawks mu 1928 ndi Brown Bombers ya ku Harlem m'zaka za m'ma 1930, kuti asonyeze kuti aluso alipo, akungotsekeredwa kunja. Anayendetsanso nyuzipepala yake ku New York ndi mabizinesi ena. Mwana wake, Fritz Pollard Jr., anapata mendulo ya mkuwa pa mpikisano wodumpha zipingilizo wa mamita 110 pa Olimpiki ya ku Berlin mu 1936, ija Jesse Owens anachita zodabwitsa pamaso pa Hitler.

Kochi wamkulu wakuda wotsatira mu NFL anadzabwera mu 1989, Art Shell wa Raiders. Kuchoka 1921 kufika 1989 ndi zaka 68. Pollard sanazione, anamwalira pa 11 Meyi 1986 ali ndi zaka 92. Nyumba ya akatswiri ya ku Canton inatsegulidwa mu 1963, ndipo Thorpe, Halas ndi Carr analowa m'gulu loyamba. Pollard anakhala ndi moyo zaka zina 23 akuona anzake a nthawi imodzi akulemekezedwa, iye osaitanidwa. Anamulowetsa mu 2005, patapita zaka 19 ali m'manda, ndipo amene anakaimirira m'malo mwake anali adzukulu ake. Zaka ziwiri izi zisanachitike kunali kutakhazikitsidwa bungwe la Fritz Pollard Alliance, lomwe limalimbikitsa kuti anthu akuda ndi a mitundu ina yochepa azipatsidwa mwayi wa ukochi ndi maudindo m'matimu.

Zonsezi ndinamuuza msuweni wanga mu uthenga wa mawu wa mphindi 9, womwe anadandaula kuti watalika ngati ulaliki wa pamaliro. Koma anaumvera wonse, chifukwa madzulo ake anaimba.

"Ndiye ukuti chikhocho sichinapezeke mpaka pano?"

Ndinati ayi.

"Akron ndi pafupi ndi Canton, sipakwana ola pa galimoto. Agogo amene ndimawasamalirawa ena anakulira komweko, ndipo m'nyumba zawo mwadzaza makatoni a zinthu zakale. Mawa ndiyamba kuwafunsa."

Bandulo ananditumizira Lachiwiri.